David Shakow ndi Mayeso a Kudikira

David Shakow anabadwira mumzinda wa New York ku Amereka m'chaka cha 1901, ndipo anaphunzira za maganizo a anthu pa Yunivesite ya Harvard. M'chaka cha 1928 anayamba ntchito pa chipatala cha odwala misala cha Worcester, kumene anakhala zaka 18 akufufuza nthenda yotchedwa schizophrenia, imene kaŵirikaŵiri imayamba munthu akali mnyamata kapena mtsikana.

Masiku amenewo ambiri ankakhulupirira kuti nzeru za wodwala nthendayi zimangoguga basi. Shakow sanakhutire ndi ganizo limeneli. Iye pamodzi ndi Eliot Rodnick anakonza mayeso apafupi, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1940. Munthu ankaika chala pa batani, napatsidwa chenjezo, nadikira chizindikiro choti achotse chalacho msanga. Nthaŵi zina kudikirako kunali kofanana ulendo uliwonse, nthaŵi zina kunali kosinthasintha. Anthu abwinobwino ankafulumira pamene kudikira kunali kofanana, popeza ankadziŵa pokonzekera. Odwala aja, kudikira kukatalika, ankachedwa koposa pa mayeso ofananawo, ngakhale kuti ndiwo anayenera kukhala osavuta. Shakow anaona kuti chowavuta chinali kusunga maganizo pa cholinga chimodzi: tinthu tating'ono, ngakhale ulendo umene wangopita kumene, tinkawasokoneza.

Khalidwe lake lina ndi loyenera kuti inu amene mukukonzekera uphunzitsi mulisinkhesinkhe. Poyesa wodwala, ankalembanso ngati munthuyo anagwirizana naye ndi mtima wonse kapena ayi, chifukwa kulephera kwa munthu wosafuna kuyankha sikuonetsa malire a nzeru zake. Ndi angati mwa ife amene timalingalira zimenezi tisanalembe ziro m'kope la mwana?

Mu 1947 Shakow anatsogolera komiti imene inalemba dongosolo la maphunziro a akatswiri othandiza odwala maganizo. Msonkhano wa ku Boulder unavomereza mfundo zake mu 1949, makamaka yakuti katswiri wotere akhale wochiza ndi wofufuza pamodzi. Kuyambira 1954 anayang'anira nthambi yofufuza za maganizo ku National Institute of Mental Health, ndipo anapitiriza kulemba za odwala a ku Worcester kufikira ukalamba wake. Anamwalira mu 1981.