Mtumiki Muhammad (SAW) pakhomo pake: bambo, mlongo ndi gogo

Kumadrasa timaphunzira za Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ali pa mimbari kapena akutsogolera Asilamu ku Badr. Za pakhomo pake timangozidumpha, chonsecho n'zimene zikufanana kwambiri ndi moyo wathu kuno kwa Khwethemule, kumene ana ambiri akukulira m'manja mwa agogo chifukwa makolo adatisiya, ali ku Joni, kapena amalawirira kukathyola tiyi kuesiteti n'kubwera dzuwa litapendeka.

Adabadwira ku Makkah cha m'ma 570, bambo ake Abdullah atamwalira kale. Adayamwa kwa mayi Halima a fuko la Banu Sa'd, ndipo mwana wawo wamkazi, Shayma, ankathandiza kumulera. Mayi ake omubereka, Amina, adamwalirira pa ulendo, pamalo otchedwa Abwa, iye ali ndi zaka 6. Adamutenga ndi agogo ake, Abdul Muttalib. Mkuluyu anali ndi mkeka wake mumthunzi wa Ka'ba, umene ngakhale ana ake enieni sankayerekeza kukhalapo, koma kamdzukulu kamasiyeka ankakalola. Patangotha zaka ziwiri agogowo adatsikira kuli chete, mwana n'kupita kwa Abu Talib, mbale wa bambo ake. Atakula sadaiwale: njala itavuta ku Makkah adatenga Ali, mwana wa Abu Talib, kuti apepuze katundu wa munthu amene adamulera.

Adakwatira mayi Khadija ali ndi zaka 25, ndipo adabereka ana 6: Qasim, Zaynab, Ruqayya, Ummu Kulthum, Fatima ndi Abdullah. Wachisanu ndi chiwiri, Ibrahim, adabadwira ku Madina kwa mayi Maria. Mwa ana 7 amenewa, 6 adamwalira bambo awo ali moyo. Kholo limene lidaikapo mwana m'manda likudziwa kulemera kwa chiwerengero chimenechi.

M'chaka cha 624, pokonzekera ulendo wa ku Badr, Ruqayya anali chigonere. Mtumiki (SAW) adauza mkamwini wake Uthman kuti atsale adwazike mkazi wake, ngakhale Asilamu anali ochepa, ongopitirira 300. Uthenga wa chipambano umafika ku Madina, Ruqayya akuikidwa. Mwa akaidi a nkhondoyo munalinso mkamwini wina, Abul As, mwamuna wa Zaynab, amene panthawiyo anali asanalowe Chisilamu. Zaynab adatumiza mkanda woti awombolere mwamuna wake. Mtumiki (SAW) atauona adauzindikira: unali wa malemu mayi Khadija. Mtima udamuwawa, koma sadalamule. Adachita kupempha Maswahaba ngati angalole kumasula mkaidiyo ndi kubweza mkandawo, ndipo adalola.

Fatima akalowa, bambo ake ankaimirira, kumupsompsona ndi kumukhazika pamalo pawo, izi zikuchitika pakati pa anthu amene posachedwapa ena a iwo ankakwirira ana aakazi amoyo. Komabe sikunali kumulera mosasatitsa. Manja ake atachita matuza ndi mphero, Fatima adakapempha wantchito. Bambo ake sadamupatse, koma adamuphunzitsa tasbih ya pogona ija, ka 33, ka 33 ndi ka 34, imene ambiri timaichita osadziwa kuti idachokera pa dandaulo la mwana kwa bambo ake.

Pa adzukulu ndiye panalibe zobisa. Adatsogolerapo Swala atanyamula Umama, mwana wa Zaynab: popita pa ruku ankamutsitsa, poimirira n'kumunyamulanso. Tsiku lina mmodzi mwa ana a Fatima adamukwera pamsana ali pa sijida, ndipo adatalikitsa sijidayo mpaka anthu kumbuyo adayamba kuda nkhawa, iye akungodikira kuti mwana akhutire. Mfumu ina, Aqra bin Habis, itamuona akupsompsona Hasan, idanena kuti ili ndi ana 10 koma sidapsompsonepo ndi mmodzi yemwe. Mtumiki (SAW) adaichenjeza kuti wosachita chifundo sadzachitiridwa chifundo. Azibambo a komiti ya mzikiti, amene timathamangira kukalipa mwana akalira pa Jumu'ah, nkhani ya sijidayi ndi yathu.

Pambuyo pa nkhondo ya Hunayn mu 630, mayi wina wokalamba mwa ogwidwa adaumirira kuti ndi mlongo wake wa Mtumiki (SAW). Anali Shayma uja, patapita zaka zoposa 50. Adaonetsa chipsera pamene adamuluma ali kamwana. Mtumiki (SAW) adayala chofunda chake kuti mlongo wake akhalepo, n'kumufunsa ngati akufuna kukhala naye kapena kubwerera kwawo. Adasankha kwawo, ndipo adapita ndi mphatso.

Ibrahim adamwalira asanakwanitse zaka ziwiri, bambo ake akugwetsa misozi poyera. Tsiku lomwelo kadamsana adagwira dzuwa, anthu n'kumati ladetsedwa chifukwa cha malirowo, koma iye, ali m'chisoni chomwecho, adawakonza kuti dzuwa ndi mwezi sizida chifukwa cha imfa ya munthu.

Akudwala matenda omaliza mu 632, adanong'oneza Fatima mawu ena, Fatima n'kulira. Adamunong'onezanso, n'kuseka. Pambuyo pake Fatima adaulula kuti poyamba adauzidwa zoti bambo ake akupita, kachiwiri zoti iyeyo ndiye adzakhale woyamba m'banjamo kuwatsatira. Adamwalira patapita miyezi pafupifupi 6.