JEAN BEHRA: KATSWIRI WA LIWIRO AMENE SANAPATE ULEMU WAUKULU

Tsiku Loweruka, pa 1 Ogasiti 1959, mvula inagwa mu mzinda wa Berlin ku Germany. Pa bwalo la mipikisano ya galimoto lotchedwa AVUS, galimoto ya Porsche inaterereka pokhota, ndipo woyendetsa wake anaponyedwa kunja, nawomba mtengo wa mbendera, nafa pomwepo. Munthuyo anali Jean Behra wa ku France, wa zaka 38. Masabata anayi m'mbuyo mwake iye anali pa ntchito imene oyendetsa onse a nthawi imeneyo ankaisirira, koma anaitaya chifukwa cha mkwiyo wa tsiku limodzi.

ANAYAMBA NDI NJINGA YAMOTO

Behra anabadwira ku Nice, mzinda wa m'mbali mwa nyanja kumwera kwa France, pa 16 Febuluwale 1921. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, iye anatchuka poyamba pa mipikisano ya njinga zamoto. Pokwera njinga ya Moto Guzzi anakhala katswiri wa dziko la France zaka zinayi zotsatana, kuyambira 1948 kufikira 1951.

Pambuyo pake analowa m'gulu la Amédée Gordini, mmisiri wa ku Paris amene ankapanga galimoto zazing'ono za mpikisano. Gordini anali ndi nzeru zambiri koma ndalama zochepa, kotero kuti galimoto zake zinkafa kawirikawiri mpikisano usanathe. Ngakhale zinali choncho, mu Juni 1952, pa bwalo la ku Reims, Behra anapambana galimoto za Ferrari za ku Italy zimene zinali kugonjetsa aliyense chaka chimenecho. M'modzi wa amene anatsala m'mbuyo anali Alberto Ascari, amene anakhala katswiri wa dziko lonse chaka chomwecho. Anthu a ku France anali akuyembekeza kwa nthawi yaitali kuti mwana wa kwawo apambane m'galimoto ya kwawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo anamkonda kwambiri Behra.

MABALA AKE

Behra anali munthu wamfupi, wa mapewa aakulu, ndipo ankadziwika ndi chipewa chake choyera chokhala ndi mzere wa mabokosi akuda. Sankadziwa kuyendetsa mosunga thupi. Kumapeto kwa 1952 anapita ku Mexico ku mpikisano wa pa msewu wa masiku angapo wotchedwa Carrera Panamericana. Tsiku loyamba anatsogola onse. Tsiku lachiwiri galimoto yake inagwera m'chigwembe ndipo iye anavulala kwambiri. Atachira anabwerera pa ntchito.

Mu 1955 analembedwa ndi kampani ya Maserati ya ku Italy, napambana ku Pau ndi ku Bordeaux. Chaka chomwecho, pa mpikisano wa Tourist Trophy ku Dundrod, mu Northern Ireland, galimoto yake inagubuduzika ndipo khutu limodzi linadukiratu. Madokotala anamuikira khutu la pulasitiki, limene iye ankakonda kulichotsa pamaso pa anzake kuti awadzidzimutse.

ULEMU UMENE UNKAMTHAWA

Pa mipikisano ya galimoto pali ina yaikulu, imene mapointi ake amawerengedwa posankha katswiri wa dziko lonse, ndipo pali ina yaing'ono imene siwerengedwa. Behra anapambana yaing'ono yambiri, koma yaikulu sanapambane ndi umodzi womwe.

Mu 1956 anakhala wachiwiri ku Argentina, nakhala wachitatu ku Monaco, ku France, ku Britain ndi ku Germany, ndipo pa mapeto a chaka anali wachinayi pa dziko lonse. Mu 1957, pamodzi ndi Juan Manuel Fangio wa ku Argentina, anapambana mpikisano wa maola 12 ku Sebring, mu America. Anapambananso ku Casablanca, mu Morocco, kumpoto kwa Africa, pamaso pa akatswiri ambiri a nthawiyo. Koma chaka chimenecho mpikisanowo sunali wa mapointi. Ku Aintree, mu England, anali patsogolo pa mpikisano waukulu wa Britain, ndipo ulemu unali pafupi, pamene kilachi ya galimoto yake inasweka. Stirling Moss anamdutsa napambana.

Mu 1958 Behra anayendetsa galimoto za BRM za ku England, zimene zinamkhumudwitsa chifukwa cha kufa kwake kwa kawirikawiri. Komabe pa mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, iye ndi Hans Herrmann wa ku Germany anafika pa malo achitatu m'galimoto yaing'ono ya Porsche.

MKANGANO WA KU REIMS

Mu 1959 Enzo Ferrari anamlemba ntchito, ndipo mu Epulo Behra anapambana mpikisano waung'ono ku Aintree. Koma m'gulumo munali Tony Brooks, mnyamata wofatsa wa ku England amene anali waliwiro kwambiri, ndipo Behra anayamba kudandaula kuti gulu silikumsamala monga linayenera.

Pa 5 Julaye, mpikisano waukulu wa France unachitikira ku Reims, pa bwalo lomwe lija limene linamtchukitsa. Dzuwa linatentha kotero kuti phula linasungunuka pa msewu. Injini ya Behra inazima poyambira, ndipo anzake onse anamsiya. Iye anawathamangira mwaukali, nawadutsa m'modzi m'modzi mpaka anafika pakati pa otsogola, koma injiniyo inalephera kupirira ndipo inafa. Brooks anapambana.

Utatha mpikisano panabuka mkangano pakati pa Behra ndi Romolo Tavoni, woyang'anira gulu la Ferrari, pa nkhani ya kuwonongeka kwa injini. Behra anapsa mtima nammenya Tavoni chibakera. Ferrari sanazengereze: anamchotsa ntchito.

Chotero Behra anafika ku Berlin alibe malo m'gulu lalikulu, nalowa mpikisano wa galimoto zazing'ono umene unachitika tsiku limodzi usanafike mpikisano waukulu wa Germany. Bwalo la AVUS linali ndi misewu iwiri yowongoka, ndipo kumapeto kwake kunali pokhotera potsetsereka kwambiri, pomangidwa ndi njerwa, popanda mpanda pamwamba pake. Njerwa zikanyowa zinkaterera. Pamenepo ndi pamene Behra anafera. M'mawa mwake mpikisano waukulu unachitika monga mwa dongosolo, ndipo galimoto zitatu za Ferrari zinatenga malo oyamba, achiwiri ndi achitatu, Brooks ali patsogolo.

Mtembo wa Behra unatengedwa kupita ku Nice, kumene khamu la anthu linapita kukamuika m'manda. Analowa mipikisano yaikulu yoposa 50, ndipo kasanu ndi kanayi anatsiriza pakati pa atatu oyamba. Odziwa za masewerowa amamtchula kufikira lero pakati pa oyendetsa aluso koposa amene sanapambanepo mpikisano waukulu. Mtima wosagonja umene unamdzutsa m'chigwembe cha ku Mexico ndi womwewo umene unakweza dzanja lake ku Reims.