Park Chung-hee: msilikali yemwe sadakhulupirire chitetezo chobwereka

Pamene a Park Chung-hee ankalanda boma la South Korea pa 16 Meyi 1961, nzika ya dzikolo inkapeza ndalama zosakwana madola 100 a ku America pa chaka, ndipo gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera boma linkachokera ku thandizo la dziko la America. Pamene ankaphedwa patatha zaka 18, dzikolo linali likusungunula zitsulo, kukhoma sitima zapamadzi, kupanga galimoto, komanso linali litayesa mzinga wakewake wankhondo. Mpaka lero anthu a ku Korea amatsutsana za mkuluyu: ena amati ndiye adachotsa njala m'dzikomo, ena amati adali wankhanza yemwe adapondereza ufulu wa anthu.

Chomwe chidayendetsa ulamuliro wawo wonse ndi nkhawa imodzi, yakuti tsiku lina asilikali a America adzalongedza katundu wawo n'kubwerera kwawo, kusiya South Korea ikuyang'anizana yokha ndi North Korea. Mafakitale ambiri omwe adamanga komanso malamulo ankhanza omwe adakhazikitsa zidachokera ku nkhawa imeneyi.

A Park adabadwa pa 14 Novembala 1917 ku Gumi, m'banja losauka la alimi, ndipo adali chitsiriza mwa ana asanu ndi awiri. Nthawi imeneyo Korea idali pansi pa atsamunda a ku Japan kuyambira chaka cha 1910. Atamaliza maphunziro a uphunzitsi ku Daegu m'chaka cha 1937, adaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale ku Mungyeong kwa zaka zitatu. M'chaka cha 1940 adasiya choko n'kukalowa sukulu ya asilikali ya ku Manchukuo, dera la ku China lomwe Japan inkalamula, kenaka adapitiriza maphunzirowo ku Japan komweko. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse idatha ali msilikali wa udindo kumbali ya atsamunda omwe ankapondereza anthu akwawo, ndipo adani awo sadaleke kuwakumbutsa zimenezi.

Japan itagonja m'chaka cha 1945, Korea idagawidwa pawiri, asilikali a Soviet Union kumpoto ndi a America kummwera. A Park adalowa gulu lankhondo latsopano la kummwera m'chaka cha 1946, chaka chomwe mkulu wawo adaphedwa pa zipolowe zotsutsana ndi akuluakulu olamula. M'chaka cha 1948 adamangidwa powaganizira kuti ali m'kagulu ka chikomyunizimu m'kati mwa asilikali. Bwalo la asilikali lidawapeza olakwa, koma akuluakulu ena, kuphatikizapo a Paik Sun-yup, adawapempherera chifundo. Nkhondo ya ku Korea itayamba pa 25 Juni 1950, adabwezeredwa pa ntchito ndipo adakwera maudindo mofulumira.

Nkhondoyo idaima pa 27 Julaye 1953 popanda pangano la mtendere. Pa 1 Okutobala chaka chomwecho South Korea ndi America adasainirana pangano la chitetezo lomwe lidalola asilikali a America kukhala m'dzikomo, ndipo mkulu wa asilikali wa ku America ndiye adali ndi mphamvu zolamula asilikali a South Korea pa nkhani za nkhondo. N'chifukwa chake a Park atagwetsa boma losankhidwa la a Chang Myon, ntchito yawo yoyamba idali kukhazika mitima pansi ku Washington, komwe mbiri yawo ya m'chaka cha 1948 inkadziwika bwino. Mu Novembala 1961 adakaonana ndi mtsogoleri wa America, a John Kennedy. Atakakamizidwa kuti abwezeretse boma la anthu wamba, adavula yunifolomu n'kupambana chisankho cha 1963 poposa a Yun Posun ndi mavoti ochepa chabe.

Anthu ambiri lero amaiwala kuti pa nthawiyo North Korea ndiyo idali patsogolo pa chuma. Atsamunda adasiya migodi, mafakitale akuluakulu ndi malo opangira magetsi ambiri kumpoto, ndipo mu Julaye 1961 boma la a Kim Il-sung lidasainirana mapangano a chitetezo ndi Soviet Union komanso China. Kwa a Park, umphawi udali nkhani ya chitetezo: boma lomwe likulephera kudyetsa anthu ake silingawauze kuti ndi labwino kuposa la mdani. Adalamula kuti dziko lizigulitsa katundu kunja mulimonse momwe lingathere, kuyambira mawigi, nsalu mpaka matabwa, ndipo mwezi ndi mwezi ankatsogolera okha msonkhano wofunsa nduna ndi eni makampani momwe malonda akuyendera. Kampani yokwaniritsa zomwe yauzidwa inkapatsidwa ngongole yotsika chiwongoladzanja ku mabanki a boma, yolephera inkasiyidwa. Katundu wogulitsa kunja adafika madola 100 miliyoni m'chaka cha 1964, ndipo pofika 1977 adali pa madola 10 biliyoni.

Ndalama zoyambira adazipeza m'njira ziwiri, zonse zowawa.

Yoyamba idali kuyanjana ndi Japan. America inkafuna kuti abwenzi ake awiriwa agwirizane, koma mabala a utsamunda adali osapola. Ophunzira atadzaza misewu ya Seoul potsutsa zokambiranazo, boma lidaika mzindawo m'manja mwa asilikali mu Juni 1964. Pangano lidasainidwa pa 22 Juni 1965, ndipo Japan idalonjeza madola 300 miliyoni ongopereka ndi madola 200 miliyoni angongole. Zina mwa ndalamazi zidamanga fakitale ya zitsulo ya ku Pohang, yomwe akatswiri a Banki Yaikulu Yapadziko Lonse adati dziko losauka chotere silingaikwanitse. Fakitaleyo idayamba kutulutsa zitsulo m'chaka cha 1973. Koma anthu omwe adagwiritsidwa ntchito yathangata m'migodi ndi m'mafakitale a ku Japan adalandira zochepa kwambiri, ambiri osalandira kanthu. Nkhaniyi sidafe: m'chaka cha 2018 bwalo lalikulu la South Korea lidalamula makampani a ku Japan kupereka chipukuta misozi, ndipo maiko awiriwa adakanganaso kwambiri.

Njira yachiwiri idali nkhondo ya ku Vietnam. Pakati pa 1964 ndi 1973, South Korea idatumizako asilikali oposa 300,000 mosinthanasinthana, kuposa dziko lina lililonse lomwe linkathandiza South Vietnam kupatula America, ndipo pafupifupi 5,000 adafera komweko. A Park adawerengera kuti akakana, America itenga asilikali ake omwe ali ku Korea n'kuwatumiza ku Vietnam. Posinthana ndi asilikaliwo, America idavomera m'chaka cha 1966 kuwalipira, kupereka zida zatsopano komanso kupatsa makampani a ku Korea ntchito zomanga ndi zonyamula katundu. Makampani monga Hyundai ndi Hanjin adakulira pamenepo. Mbali yamdima ya nkhondoyi idabisidwa kwa zaka zambiri, ndipo m'chaka cha 2023 bwalo lamilandu ku Seoul lidavomereza kuti asilikali a South Korea adapha anthu wamba m'mudzi wa Phong Nhi m'chaka cha 1968.

Chaka cha 1968 chomwecho ndicho chidasintha maganizo a a Park pa za bwenzi lawo. Pa 21 Januwale, asilikali 31 a North Korea adazemba malire n'kufika pafupi ndi nyumba ya boma ku Seoul ndi cholinga chowapha. Patangopita masiku awiri, North Korea idalanda sitima yaukazitape ya America yotchedwa Pueblo. A Park adafuna kubwezera, koma America idakana, ndipo idayamba kukambirana payokha ndi North Korea kuti ipulumutse anthu ake a m'sitimamo. Kwa a Park zidaoneka poyera kuti sitima imodzi ya America idali yofunika kuposa moyo wa mtsogoleri wa dziko laubwenzi. Mu Epulo chaka chomwecho adakhazikitsa gulu la asilikali apadera oteteza midzi ndi malo a ntchito, lokhala ndi amuna oposa 2 miliyoni.

Zotsatira zake zidangotsimikiza mantha awo. Mu Julaye 1969 a Richard Nixon adalengeza ku Guam kuti maiko a ku Asia azidziteteza ndi asilikali awo. M'chaka cha 1971 America idachotsa asilikali 20,000 ku Korea, pamene asilikali a South Korea adali akumenyabe nkhondo ku Vietnam. Mu Febuluwale 1972 a Nixon adapita ku Beijing kukagwirana chanza ndi dziko lomwe lidamenya nkhondo kumbali ya North Korea. Mu Epulo 1975 boma la South Vietnam, lomwenso linkadalira malonjezo a America, lidagwa.

Yankho la a Park lidali kupanga zida kwawo. Nthambi ya boma yofufuza za zida idakhazikitsidwa m'chaka cha 1970, koma posakhalitsa zidadziwika kuti dziko lopanda zitsulo zabwino ndi makina olondola silingapange ngakhale mfuti yodalirika. Mlangizi wawo, a O Won-chol, adapereka nzeru yakuti m'malo momanga mafakitale a zida zokhazokha, omwe amangodya ndalama nthawi ya mtendere, boma lilimbikitse makampani a anthu wamba opanga katundu wogulitsa kunja, omwe angathenso kupanga zigawo za zida. Mu Januwale 1973 a Park adalengeza ndondomeko ya mafakitale akuluakulu a zitsulo, makina, sitima, zipangizo zamagetsi ndi mankhwala. Mzinda wa Changwon udamangidwa kummwera, kutali ndi malire, kuti ukhale likulu la makina ndi zida. Ku Ulsan, Hyundai idayamba kukhoma sitima zikuluzikulu doko lake lisadathe n'kumangidwa komwe. Makampani omwe lero akupikisana ndi a ku Japan ndi China pa malonda a sitima ndi galimoto adazika mizu m'zaka zimenezi.

A Park adapitirira pamenepo. Mobisa, adayambitsa ntchito yofuna kupanga bomba la nyukiliya, ndipo adagwirizana ndi France zogula makina oyengera zofunika pa ntchitoyo. America itazindikira, idachenjeza kuti ubale wonse wa maiko awiriwa uli pachiswe, ndipo mgwirizano ndi France udathetsedwa kumayambiriro kwa 1976. Koma ntchito ya mizinga idapitirira, moti mu Sepitembala 1978 mzinga wotchedwa Baekgom udaulutsidwa iwo akuonerera.

Mantha omwewo adawagwiritsanso ntchito pomanga ulamuliro wawo, ndipo apa n'povuta kuwaikira kumbuyo. Atasintha malamulo m'chaka cha 1969 kuti aimenso kachitatu, adapambana movutikira a Kim Dae-jung pa chisankho cha 1971. Mu Okutobala 1972 adathetsa nyumba ya malamulo n'kubweretsa malamulo atsopano otchedwa Yushin, omwe adachotsa ufulu wa anthu wosankha okha mtsogoleri, adachotsa malire a zaka zolamula, komanso adapatsa mtsogoleri mphamvu zosankha gawo limodzi mwa magawo atatu a aphungu. Chifukwa chomwe adapereka chidali chitetezo cha dziko, ngakhale kuti miyezi itatu m'mbuyomo boma lawo linali litangolengeza mfundo za mtendere pamodzi ndi North Korea. Mu Ogasiti 1973 akazitape a boma adaba a Kim Dae-jung mu hotela ku Tokyo. Pa 9 Epulo 1975 amuna asanu ndi atatu adanyongedwa pasadathe tsiku chigamulo chawo chitsimikizidwe, pa mlandu woukira boma. M'chaka cha 2007 bwalo lidapeza kuti adali osalakwa. Ogwira ntchito m'mafakitale, makamaka atsikana ochokera kumidzi, ankagwira maola ochuluka pa malipiro ochepa ndipo sankaloledwa kunyanyala ntchito. Wosoka zovala wa zaka 22, Jeon Tae-il, adadzitentha ndi moto ku Seoul mu Novembala 1970 pofuna kuti malamulo a ntchito, omwe adalipo kale papepala, azitsatidwa.

Zoopsa zomwe ankanena sizidali zongopeka. Pa 15 Ogasiti 1974, munthu wina wochokera ku Japan yemwe ankagwirizana ndi North Korea adawawombera akulankhula ku mtundu, koma chipolopolo chidapha mkazi wawo, mayi Yuk Young-soo. Chaka chomwecho asilikali adapeza ngalande yoyamba yomwe North Korea idakumba pansi pa malire.

A Jimmy Carter atalowa m'boma m'chaka cha 1977 ndi lonjezo lochotsa asilikali onse apamtunda ku Korea, komanso akudzudzula kuphwanya ufulu wa anthu, ubale udafika poipa. Mkumano wa atsogoleri awiriwa ku Seoul mu Juni 1979 udali wosakoma, koma mwezi wotsatira a Carter adaimitsa ndondomekoyo kaamba ka malipoti atsopano osonyeza kuti gulu lankhondo la North Korea ndi lalikulu kuposa momwe ankaganizira.

A Park adapambana mkangano umenewo, koma kwawo zinthu zinali zitaphulika. Mitengo ya mafuta idakwera, katundu adadula, ndipo mtsogoleri wotsutsa, a Kim Young-sam, atachotsedwa m'nyumba ya malamulo kumayambiriro kwa Okutobala, anthu a ku Busan ndi Masan adachita zionetsero zazikulu. Akuluakulu ozungulira mtsogoleriyo adagawanika pa momwe angathetsere zionetserozo. Madzulo a pa 26 Okutobala 1979, ali pa chakudya m'nyumba ina ya nthambi yaukazitape, mkulu wa nthambiyo, a Kim Jae-gyu, yemwe adaphunzira nawo limodzi usilikali, adawombera mkulu wa alonda awo, a Cha Ji-chul, kenaka a Park eniake. Adamwalira ali ndi zaka 61.

Imfa yawo sidabweretse ufulu nthawi yomweyo, chifukwa mu Disembala chaka chomwecho msilikali wina, a Chun Doo-hwan, adatenga mphamvu, ndipo anthu adayambanso kusankha okha mtsogoleri m'chaka cha 1987. Mwana wawo wamkazi, a Park Geun-hye, adakhala mtsogoleri wa dziko m'chaka cha 2013 mothandizidwa ndi achikulire omwe ankakumbukira bambo awo, koma adachotsedwa pa udindo mu Malichi 2017 pa milandu ya katangale. Asilikali a America, omwe a Park ankaopa kuti achoka, akadali ku South Korea, pafupifupi 28,500. South Korea idabwezeredwa mphamvu zolamula asilikali ake nthawi ya mtendere m'chaka cha 1994, koma zokambirana za yemwe angawalamule nkhondo itabuka zatenga zaka zambiri pakati pa Seoul ndi Washington.