Paula Modersohn-Becker: Mmisiri Amene Adadziwika Atamwalira

Mu November 1907, m'mudzi wa Worpswede kumpoto kwa dziko la Germany, mayi wina wa zaka 31 adadzuka pabedi patapita masiku 18 chibadwire mwana wake woyamba, Mathilde. Posakhalitsa adadandaula kuti mwendo ukumupweteka, nagwa, namwalira, pakuti magazi adaundana mumtsempha. Ambiri mwa amene adamulira ankamudziwa ngati mkazi wa Otto Modersohn, katswiri wojambula zithunzi. Ochepa okha ndiwo ankadziwa kuti malemuyo adasiya zithunzi za utoto zoposa 700, zimene adagulitsako zowerengeka chabe.

Paula Becker adabadwira ku Dresden mu 1876, nakulira ku Bremen. Atate ake, poopa kuti luso silidyetsa munthu, adamuumiriza kuti ayambe waphunzira zauphunzitsi, ndipo iye adamvera, natsiriza maphunzirowo mu 1895. Koma mtima wake udali kwina. Popeza sukulu yaikulu ya boma ya zaluso ku Berlin sinkalandira akazi, adalowa ina imene akazi anzake adadzikhazikitsira.

Ku Worpswede, kumene adakhazikika mu 1898, amisiri aamuna ankakonda kujambula madambo ndi mitengo. Paula adayang'ana anthu: nkhalamba za m'nyumba yosungira amphawi, ana a alimi, amayi oyamwitsa. Sankawakometsera, manja aakulu olimba ndi ntchito adawasiya momwemo. Ataonetsa zithunzi zake ku Bremen mu 1899, wolemba nyuzi wina adazinyoza kotheratu. Iye sadagwe mphwayi, adangonyamuka kupita ku Paris kukaphunzira zambiri.

Adakwatiwa mu 1901, koma mu 1906 adasiya mwamuna nabwerera ku Paris kuti akagwire ntchito mosadodometsedwa. Kaya adalakwa kaya ayi, chaka chimenecho ndicho chidabala zithunzi zake zopambana, kuphatikizapo chimene adadzijambula yekha wosavala kumtunda, chinthu chosamveka kwa mkazi masiku amenewo. Pambuyo pake adayanjananso ndi mwamuna wake, nabwerera kumudzi mu 1907.

Chodabwitsa n'chakuti cholembera chake ndicho chidayamba kumutchukitsa. Makalata ake ndi zolemba zake za tsiku ndi tsiku zidasindikizidwa mu 1917, ndipo Ajeremani ambiri adayamba amuwerenga asanaone chithunzi chake n'chimodzi chomwe. Mu 1927 ku Bremen kudatsegulidwa nyumba yosungira zithunzi zake. Boma la Nazi lidachotsa zambiri m'nyumba zoonetseramo mu 1937, likuti n'zonyansa, koma nyumba ya ku Bremen ija ikadalipo mumsewu wa Böttcherstraße.