Dr. Robert Laws ndi Alendo Anjala a ku Chembe

Aphunzitsi anzanga, ana ambiri amamdziwa Dr. Robert Laws chifukwa cha sukulu ya ku Khondowe. Koma ife a kuno ku Mangochi tiwauzenso kuti zaka zake zisanu ndi chimodzi zoyamba m'dziko muno anakhala kwathu kuno, ku Chembe, kumene Azungu amati Cape Maclear. Kumeneko ntchito yake sinali kulalika ndi kuchiritsa kokha ai, komanso kufunira anthu chakudya.

Iye anabadwa pa 28 May 1851 ku Aberdeen, m'dziko la Scotland. Atate wake anali mmisiri wa matabwa, ndipo mnyamatayo anaphunzira ntchito yomweyo. Usana anali kupala matabwa, madzulo napita ku sukulu, kufikira analowa yunivesite naphunzira udotolo ndi ubusa. Asanabwere kuno anatumikira odwala nthomba m'chipatala ku Glasgow.

David Livingstone atamwalira mu 1873, Akristu a ku Scotland anapangana zoyamba misyoni yomkumbukira. James Stevenson ndi James Young, anthu achuma a ku Glasgow, anapereka mapaundi 1,000 aliyense, enanso naponya monga anakhoza. Ambiri a iwo anafa osaiona nyanja yathu. Ndi zopereka zotere anakonza sitima ya Ilala, imene anthu mazana ambiri anaisenza pamutu zidutswazidutswa polambalala mathithi a Shire. Inalowa m'nyanja pa 12 October 1875, ndipo Mfumu Mponda inalola alendowo kumanga ku Chembe.

Masiku amenewo malonda a akapolo anali pakati. Posachedwa anthu anayamba kuthawira ku misyoni: akapolo opulumuka, akazi opirikitsidwa, ana opanda mwini. Anafika manjamanja. Laws, amene anakhala mtsogoleri wa misyoni kuyambira 1877, anawalandira. Koma inu amene mudziwa Chembe mudziwanso kuti ndi mchenga ndi mapiri a miyala; minda yake sikanatha kudyetsa khamu lotere. Chotero anatenga nsalu ndi mikanda zogulidwa ndi ndalama za opereka aja, nasinthanitsa ndi chakudya m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Amphamvu anali kulima, kumanga nyumba ndi kutema nkhuni za sitima, nalandira phoso lao. Pofika 1880 okhala pamenepo anali mazana angapo.

Onani ulendo wa mphatso. Ndalama imene munthu anapereka ku Glasgow inasanduka nsalu, nsalu inasanduka chimanga, chimanga chinasanduka nsima m'mbale ya mwana ku Chembe. Koma pakati pa wopereka ndi wakudya panafunika munthu woyesa, wolemba ndi wogawa. Ine ndinathandizako kugawa chimanga pa mpingo wathu m'njala ya 2002. Dzina la wopereka linali lolembedwa pa thumba, koma amene anayang'anana maso ndi mayi wofika chimanga chitatha anali ife a muyeso. Ndikamawerenga za Laws, ndimakumbuka tsiku limenelo.

Malungo sanawaleke. Dr. William Black ndi Shadrach Ngunana, mlaliki wochokera ku Lovedale ku South Africa, anamwalira mu 1877, enanso nawatsata. Manda ao alipobe. Ndipo m'zaka zonsezo anabatizidwa munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe, pa 27 March 1881. Wowerenga phindu monga wamalonda akanati ndalama zalowa m'madzi. Koma opereka aja sanabweze dzanja. Chaka chomwecho misyoni inasamukira ku Bandawe, ndipo pambuyo pake ntchito ya ku Chembe inakhala m'manja mwa Namalambe.

Mu 1894 anayamba kumanga ku Khondowe. Sukulu ya kumeneko anaitcha dzina la Lord Overtoun, amene anapereka chuma chambiri. Pali chinthu chimene sitiyenera kubisira ana okulirapo akafunsa. Mu 1899 kunamveka poyera kuti antchito a m'fakitale ya mankhwala ya mkuluyu, pafupi ndi Glasgow, anali kugwira maola 12 pa tsiku, ngakhale pa Sabata, pakati pa fumbi lowononga thupi, nalandira malipiro ochepa. Ndalama zinamangadi sukulu, koma thukuta la anthu amenewo linalinso m'mbale ya chopereka, ngakhale maina ao sanalembedwe pa khoma lililonse.

Mu 1924 Laws anasankhidwa kukhala mtsogoleri woyamba wa Sinodi ya C.C.A.P. Anabwerera kwao mu 1927, atatumikira zaka 52. Anamwalira ku London pa 6 August 1934, naikidwa ku Aberdeen kumene anabadwira.