Mark Hanna Watkins (1903–1976): Wophunzira wa ku Chicago Amene Adalemba Galamala ya Chicheŵa

Pafupifupi aliyense amene walembapo za malamulo a Chicheŵa amatchula buku la A Grammar of Chichewa, limene lidasindikizidwa m'chaka cha 1937. Kuno kwathu bukuli limakumbukika kwambiri chifukwa cha munthu amene adapereka mau olembedwamo, a Hastings Kamuzu Banda, pamene mlembi wake amangotchulidwa modutsa. Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza moyo wa mlembiyo, a Mark Hanna Watkins, makamaka zaka zimene adali wophunzira pa Yunivesite ya Chicago, pakuti mphamvu za bukuli ndi zofooka zake zomwe zidachokera m'mene maphunziro awo adayendera kumeneko.

A Watkins adabadwira ku Huntsville, m'chigawo cha Texas ku America, pa 23 Novembala 1903, ndipo bambo wawo adali mbusa wa mpingo wa Baptist. Digiri yoyamba adailandira m'chaka cha 1926 pa koleji ya Prairie View, imene idali ya anthu akuda okhaokha. Masiku amenewo malamulo a tsankho kumwera kwa America sankalola munthu wakuda kuphunzira pamodzi ndi azungu, ndipo Yunivesite ya Texas idayamba kulandira ophunzira akuda khoti lalikulu la dzikolo litagamula mlandu wa nkhaniyi m'chaka cha 1950. Motero wakuda wofuna maphunziro ozama adayenera kusiya kwawo ndi kuloŵera kumpoto. A Watkins adaloŵera ku Chicago.

Iwo adapeza dipatimenti ya anthropology, ndiye kuti maphunziro a za anthu ndi chikhalidwe chawo, ikali yatsopano, popeza idapatukana ndi ya sociology m'chaka cha 1929, motsogozedwa ndi a Fay-Cooper Cole. Ku America nthaŵi imeneyo kufufuza zilankhulo zosalembedwa kunkatengedwa ngati nthambi ya anthropology, ndipo katswiri wa nthambiyi ku Chicago adali a Edward Sapir, amene adaphunzira kwa a Franz Boas. A Watkins adakhala wophunzira wa a Sapir. Kafukufuku wawo wa digiri ya M.A., imene adalandira m'chaka cha 1930, sadali wa za Afrika konse: adali wa mau a chibale m'zilankhulo za eni nthaka a ku Mexico.

Njira imene a Sapir ankaphunzitsa idali yokhala pansi ndi mwini chilankhulo kwa nthaŵi yaitali, kumfunsa mau, ziganizo ndi nthano, ndi kulemba liwu lililonse monga momwe khutu lamvera, kenaka ndi kupeza malamulo kuchokera m'chilankhulo chomwecho, osachiumiriza m'chikombole cha Chilatini kapena Chingerezi. Mwini chilankhuloyo sadafunikire kukhala kumudzi kwawo. A Sapir eni ake adafufuza chilankhulo cha Southern Paiute m'chaka cha 1910 ali ku Philadelphia, mothandizidwa ndi mnyamata wapasukulu, Tony Tillohash, ndipo ali ku Chicago adafufuza chilankhulo china cha ku Liberia ndi a Charles Blooah. Tsono pamene padapezeka wophunzira wa ku Nyasaland pa yunivesitepo, a Watkins adapeza mutu wa kafukufuku wawo wa Ph.D. popanda kuwoloka nyanja. Kuyambira 1930 mpaka 1932 iwo ankakhala pansi ndi a Banda, wina kufunsa ndi kulemba, wina kuyankha. Onse aŵiri adali ophunzira akuda, kutali ndi kwawo, m'zaka za mavuto aakulu a zachuma amene adagwa ku America kuyambira 1929.

Ntchito ili pakati, m'chaka cha 1931, a Sapir adachoka ku Chicago kupita ku Yunivesite ya Yale. Aliyense amene adachitapo maphunziro ozama akudziŵa kulemera kwa nkhani yotere, chifukwa wophunzira wa Ph.D. amadalira mphunzitsi mmodzi monga mbeu idalira mvula. Nawonso a Banda adamaliza digiri yawo chaka chomwecho, ndipo pambuyo pake adapita kukaphunzira udokotala ku Meharry Medical College mumzinda wa Nashville. A Watkins adapirira, nalandira Ph.D. m'chaka cha 1933. Padapita zaka zina zinayi kuti bungwe la Linguistic Society of America lisindikize kafukufukuyo monga buku la nambala 24 m'mndandanda wake wa Language Dissertations.

Kusiyana kwa bukuli ndi mabuku a amishoni amene adalipo kale, monga dikishonale ya Chimang'anja ya a David Clement Scott ya 1892 ndi buku lophunzirira Chinyanja la a Alexander Hetherwick, kuli poyera. Amishoni ankalembera azungu ofuna kulankhula ndi kulalikira, pamene a Watkins ankalembera akatswiri ofuna kudziŵa mpangidwe wa chilankhulo. Chachikulu chimene khutu losulidwa ndi a Sapir lidagwira ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu. Mcheŵa aliyense amasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika, kapena khungu la pathupi ndi khungu la m'maso, ngakhale malembo ake ndi amodzi. Kusiyana kotereku kumagwiranso ntchito m'nthaŵi za aneni. Kalembedwe ka masiku onse sikaonetsa zimenezi, koma a Watkins adaika zizindikiro za kamvekedwe ka liwu pa mau amene adalemba, ndipo n'chifukwa chake ofufuza nkhaniyi m'Chicheŵa amabwererabe ku buku lawo.

Chofooka cha bukuli chidachokera m'njira yomweyo. Zonse zidatuluka m'kamwa mwa munthu mmodzi, wa ku Kasungu, amene adachoka kwawo cha m'ma 1915, nakhala ku Southern Rhodesia, ku South Africa ndi ku America kwa zaka pafupifupi khumi ndi zisanu asanakumane ndi a Watkins. Choncho bukuli ndi umboni wa Chicheŵa cha ku Kasungu monga momwe munthu wapaulendo adachisungira. Wolitenga ngati muyeso wa malankhulidwe a ku Dedza, ku Chipata kapena ku Tete akulisenzetsa katundu amene silidapangidwire. Zoterezi zidachitikanso ndi dikishonale ya a Johannes Rebmann, yosindikizidwa m'chaka cha 1877, imene mau ake adachokera kwa Salimini, munthu wa kuno amene ukapolo udamfikitsa kufupi ndi Mombasa.

Dzina la pachikuto nalonso lidachokera kwa wopereka mau. Mabuku a nthaŵiyo ankati Chinyanja kapena Chimang'anja, koma a Watkins adalemba dzina limene a Banda ankatchula chilankhulo chawo. Patapita zaka 31 bukuli litatuluka, m'chaka cha 1968, a Banda ali mtsogoleri wa dziko, Malaŵi adasankha dzina lomwelo la Chicheŵa kukhala la chilankhulo cha fuko, pamene ku Zambia dzina la Chinyanja lidatsalabe.

Atamaliza maphunziro, a Watkins adagwira ntchito m'sukulu za anthu akuda. Adaphunzitsa pa Yunivesite ya Fisk ku Nashville kuyambira 1934 mpaka 1947, ndipo adali mmodzi mwa aphunzitsi amene adayambitsa maphunziro a za Afrika kumeneko m'chaka cha 1943. Kuchokera apo adapita ku Yunivesite ya Howard ku Washington, kumene adakhala mpaka adapuma pantchito m'chaka cha 1972. Zilankhulo za Chibantu sadazisiye, ndipo kumapeto kwa moyo wawo ankalemba za maliwu a Chitswana. Adamwalira pa 24 Febuluwale 1976.

Ife ofufuza zilankhulo za m'chigawo chino tili ndi mwaŵi umene iwo adalibe, wofunsa eni chilankhulo ambiri m'midzi yawo. Ntchito imene yatitsalira ndi kuyerekeza mosamala zimene a Watkins adalemba ndi malankhulidwe a ku Kasungu ndi a madera ena, kuti tilekanitse zimene zidali za chilankhulo chonse, za dera limodzi, ndi za munthu mmodzi yekha.