Lou Harrison, Mmisiri wa Nyimbo

Lou Harrison anabadwa m'caka ca 1917 mumzinda wa Portland, ku America. Ali mwana anaphunzira kuliza piyano. Piyano ndi coyimbira cacikulu. Mkati mwake muli mawaya ambiri. Munthu akadina ndi zala, timitengo timamenya mawayawo ndipo amalira.

Atakula, Lou anayamba kupeka nyimbo. Iye ankakonda zoyimbira zomenya. Ankaliza ngakhale miphika ya maluwa ndi zitsulo za magalimoto akutha.

Kutali ndi kwawo, m'dziko la Indonesia, kuli cisumbu ca Java. Anthu a ku Java ali ndi zoyimbira zawo. Dzina lake ndi gamelan. Zambiri ndi zamkuwa, koma pali ng'omanso. Anthu ambiri amaziliza pamodzi. Zina zimafanana ndi ulimba wa m'cigwa ca Zambezi. Koma ulimba ndi wamitengo, ndipo pansi pake amayikapo zikho.

Lou anaikonda gamelan. M'caka ca 1971, iye ndi mnzake William Colvig anapanga yawoyawo. Anadula zitsulo, pansi pake nayikapo zitini m'malo mwa zikho.

M'caka ca 1975, Lou anakumana ndi Pak Cokro, katswiri wa gamelan wa ku Java. Lou anali kale munthu wamkulu, koma sanacite manyazi. Anakhala pansi n'kuphunzira kwa iye.

Kenaka anafuna kuti piyano ndi gamelan zilire pamodzi. Apa panali vuto. Mawu a piyano ndi mawu a gamelan samagwirizana. Lou sanasinthe gamelan. Anasintha piyano. Mawaya ena anakungidwa, ena anamasulidwa pang'ono, mpaka mawu anagwirizana. Oliza ng'oma ku Marávia nawonso amawamba ng'oma pamoto kuti mawu ake amveke bwino pamodzi ndi zinzake.

Nyimbo ya piyano ndi gamelan inatha kupekedwa m'caka ca 1987. Piyano, yomwe inali mlendo, inatsata eni mudzi.

Lou Harrison anamwalira m'caka ca 2003 ali ndi zaka 85. Nyimbo zake zikumvekabe.

Mafunso

1. Kodi Lou Harrison anabadwira kuti?
2. Kodi gamelan inacokera kuti?
3. Nanga Lou anasintha ciyani kuti mawu agwirizane?
4. Funsani agogo mayina a zoyimbira za m'mudzi mwanu.